Atandiiwala ampingo, ine ndinagula kope

Imelo yanu, achemwali, inafika Lachiwiri usiku magetsi atathima. Ndinaiwerenga pafoni moto utatsala pang'ono kutha, n'kuitseka, n'kudzuka kukamwa madzi ngakhale ludzu ndinalibe, n'kubweranso kudzaiwerenga. Papita masiku asanu ndikulephera kuyankha.

Kwa enanu amene mukuwerenga: mayi amenewa (anandipempha kuti dzina ndisatchule) aphunzitsa Sande sukulu ndi kuimba kwaya zaka 9. Chaka chatha ntchito inawathera, kenako anadwala miyezi iwiri, ndipo wampingo ndi mmodzi yemwe sanaponde pakhomo pawo. Funso lawo ndi ili: "Ndikhala bwanji wokhulupirika ndi wodzichepetsa pamene mtima ukundiuza kuti ndatayidwa? Kapena n'kunyada kwanga komwe kukundipweteka?"

Mwatokosa chilonda chimene ine ndinkati chinapola kalekale. Ndiye mundipirire, ndiyambira kutali.

Ine mumpingo mwathu ndinali munthu wakumoto. Amene munakulira muno mukudziwa mmene amayi timagawanirana pamaliro: ena m'nyumba kukhala ndi anamfedwa n'kumaimba, ena kotunga madzi, ena kumoto. Zaka 14 ine wakumoto. Chimphika chija cha nsima ya anthu 50, chimene umavundula uli chilili, mthiko wake wotalika ngati nkhafi, wina akuthira ufa wina atagwirira ndi chisanza kuti chisagudubuke pamafuwa, ndinkachidziwa ngati mwana wanga wobala ndekha. Nkhuni zaziwisi, utsi m'maso, kabichi wodzaza beseni, nyemba zotereka usiku kuti pofika m'mawa zikhale zitapsa. Foni ikalira 4 koloko m'bandakucha, amuna anga ankangotembenuka n'kufunsa kuti, "Watisiya ndani?" Loweruka kukolopa m'tchalitchi. Nsalu zoyera za patebulo la mgonero kuchapa ine, kusita ine. Pamwamba pa zonsezo ndinali mlembi wa kakomiti koyendera odwala. Kameneka mukasunge, tikapezanso kutsogoloku.

Mu Juni 2019, kukuzizira, mayi anga anagwa kubafa kumudzi. Sitiroko. Tinawatengera kuchipatala mtauni muno, ndipo gadiyani ndinali ine, masabata 6. Amene simunadikirirepo wodwala simungamvetse. Umagona pakatoni m'mphepete mwa bedi, utatsamira chikwama. M'mawa umatuluka kuti akolope ndi kuti madokotala ayendere odwala, umakaima pamzere wa pampopi kuchapa zofunda, umakoleza mbaula kuphika phala loti ukamwetse munthu amene anakulera, supuni imodziimodzi, lina likutayikira pachibwano. Zonsezo ndinapirira. Chimene chinkandifoola nkhongono ndi nthawi yoona odwala.

Masana chitseko cha wodi chikatsekulidwa, magulu ankalowa. Amayi a mipingo yosiyanasiyana, ena yunifolomu yoyera, ena yabuluu, ena yapepo, mabasiketi ali m'manja. Ankazungulira bedi la munthu wawo, kuimba ndime ziwiri, kupemphera, n'kusiya sopo, shuga ndi buledi. Ine ndinkakhala ngati ndikukonza bulangeti la mayi, koma diso lili kukhomo. Sabata yoyamba ndinati sanamve. Yachiwiri ndinati akusonkherana kaye. Yachitatu, gadiyani wa bedi loyandikana nafe, mayi wa ku Lunzu, anandipungulira shuga m'kapepala pa amene anam'bweretsera akwawo, n'kundifunsa mwaulemu ndithu, "Kodi akutchalitchi kwanu sanamve?"

Ndinati, "Anabwera dzulo, inu muli kochapa."

Bodza lija linatuluka lokha, losalala, ngati ndinachita kuligonera. Ndinazungulira kuseri kwa mathanki amadzi n'kukalira. Ondiona ankati ndikulirira mayi. Misozi ina inali ya mayi, koma yambiri inali ya manyazi.

Mayi anatisiya kumayambiriro kwa Ogasiti. Maliro anali kwathu ku Chiradzulu, pafupi pomwepa. Mpingo unatumiza anthu atatu paminibasi, ndi envulopu ya chipepeso. Ndalama zake sinditchula, koma matumba awiri a chimanga sizikanagula. Mu Meyi chaka chomwecho, apongozi a bambo wina wa mumpingo mwathu, wamagalimoto awiri, atamwalira ku Ntcheu, tinachita hayala basi yathunthu. Apongoziwo sanali n'komwe a mpingo wathu. Nsima ya kumeneko ndinavundula ine.

Nditabwerako kumudzi ndinachita chinthu chimene lero ndi koyamba kuchinena pagulu. Ndinapita paokala n'kugula kope la ana asukulu, lachikuto chobiriwira. Ndinadula mzere pakati pa tsamba. Kumanzere ndinalemba maliro onse amene ndinaphikako, maukwati, odwala amene ndinakawazonda. Pena ndinkachita kudzuka pakati pa usiku nditakumbukira ena. Maliro okha anafika 63. Kumanja ndinalemba amene anabwera kwa ine. Maina atatu. Akuluakulu amati kupatsa n'kuika. Ine ndinaika zaka 14, koma tsiku lokatapa ndinapeza m'nkhokwe mulibe ndi njere yomwe.

Ndinasiya kupita kutchalitchi. Sindinatsanzike, ndinangozimirira. Mumtima ndinkati aone mpata wanga, amve kuwawa, maliro akagwa nsima iwakanike. Miyezi inayi. Ndiye mukudziwa chinachitika? Palibe. Maliro anagwa, nsima inapsa bwinobwino, mthiko uja anaugwira mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa ndekha. Mpaka ndinamva mphekesera kuti amavundula kuposa ine. Imeneyo inandibaya kuposa envulopu ija.

Tsono ndisanakuululireni zonyansa za mumtima mwanga, ndinene kaye chimene ambiri sangakuuzeni: achemwali, anakulakwirani. Tisazungulire. Mkhristu kudwala miyezi iwiri osazondedwa ndi tchimo la mpingo. Ndikudziwanso mawu amene mwauzidwa kale, kapena mwadziuza nokha: "Mumatumikira Mulungu osati anthu." "Mphotho yanu ili kumwamba." "Ingokhululukani." Oona onsewo. Koma tayang'anani amene amawalankhula ndi amene amauzidwa. Sindinamvepo wina akuuza bambo wopereka matumba 100 a simenti pa pepa sande kuti mphotho yake ili kumwamba. Ameneyo dzina lake limatchulidwa pamaikolofoni kawiri, anthu n'kuomba m'manja, mwana wake akangotsokomola abusa afika kale pageti. Mphotho ya kumwamba timasungira amayi okolopa. Yakobo analemba zimenezi m'chaputala 2, za munthu wa mphete yagolide amene timam'lozera mpando wabwino ndi wosauka amene timamuuza kuti aime uko, ndipo sanazitche kuiwala kapena kutanganidwa. Anazitcha tsankho. Anazitcha tchimo.

Pamene ndikulemba panopa mtima wayamba kukwera. Zambiri zimene timaphunzitsa amayi m'mipingo yathuyi n'kumati ndi kudzichepetsa, si kudzichepetsa ayi. Ndi mantha ovala duku. Kugwada, kulankhula motsitsa, kumeza chilichonse, kumwetulira m'mimba mukuwira. Munthu wotero timam'tama kuti ndi wofatsa mpaka tsiku limene BP idzam'gwetse pakati pa nyimbo. Tsegulani Machitidwe 6. Mpingo woyamba weniweni uja, wa atumwi, wa zozizwa, unaiwala amayi amasiye. Pogawa chakudya tsiku ndi tsiku, amasiye a Ayuda olankhula Chigiriki ankadumphidwa, ndipo anthu awo anadandaula osabisa. Palibe mtumwi anaimirira n'kunena kuti, "Amayi inu dzichepetseni, Mulungu akuona." Khumi ndi awiri aja anaitanitsa msonkhano, anthu n'kusankha amuna 7 oti aziyang'anira ntchitoyo. Ndiye taonani maina awo: Stefano, Filipo, mpaka Nikolao wa ku Antiokeya, onse maina achigiriki. Makiyi a nkhokwe anapita kumbali yomwe inkadandaulayo. Amasiye aja akanati "tisavute anthu a Mulungu", bwenzi atangouma ndi njala mwaulemu.

Pano ndipatukeko pang'ono, chifukwa pali china chimene ndikukuoperani. Munthu wovulala mumpingo amanunkha magazi, ndipo afisi ake alipo. Sipatenga nthawi wina adzakugwirani dzanja n'kuti, "Tiyeni kwa munthu wa Mulungu wakuti, kumeneko amaona." Mukakafika adzakuuzani zimene makutu anu akhala akuzilakalaka chaka chonse: kuti kwanuko akukuchitirani nsanje, kuti nyenyezi yanu ndi yaikulu, kuti anachita kukukwirirani. Mudzalira ndi chimwemwe poti wina wakuonani. Mnzanga wina wakumoto komweko anapita choncho. Makina ake osokera anagulitsa kuti akabzale "mbewu", ndipo atadwala, akumenekonso sanam'zonde. Sindikunyoza kopemphera kwa munthu aliyense. Ndikungoti njala yofuna kuonedwa ili ngati njala ya nsima, imakudyetsa ndi zowola zomwe.

Za WhatsApp ndisayambe n'komwe. Kale munthu akadwala tinkanyamuka ndi mabakuli. Lero wina akalemba pagulu kuti wagonekedwa, timaponya kachithunzi ka manja awiri ophatikiza, mtima n'kukhala m'malo ngati tayenda. Kachithunzi sikachapa zofunda.

Tibwerere kukope.

Tsiku lina mu Disembala amuna anga analipeza pansi pa matiresi akufunafuna risiti. Anawerenga tsamba lonse ali duu, kenako anati, "Nanga agogo aja a fulasiki bwanji simunawalembe?"

Ndinangoti kakasi.

Kuchipatala kuja anabwerako munthu. Agogo ena a mumpingo mwathu, amasiye, okhala kumtunda kuphiri kumene minibasi sifika, amene m'tchalitchi ankakhala benchi lakumbuyo pafupi ndi chitseko chifukwa mwendo sunkawalola kupita kutsogolo. Anabwera katatu. Ulendo uliwonse ndi fulasiki yakale yomanga ndi mphira, muli phala la mgaiwa lothira nsinjiro, ndi nthochi zitatu m'jumbo. Sankaimba. Ankakhala pakatoni panga paja, kuwagwira mayi phazi, kupemphera timawu tochepa tosamveka bwino, n'kumapita kusanade. Ine m'kope sindinawalembe. Sikuti ndinaiwala. Mumtima mwanga agogo aja sanali "mpingo". Mpingo umene ndinkaudikira unali wa abusa ndi kolala yawo, akulu ampingo ndi majekete awo, amayi 20 a yunifolomu oti adzaze wodi ndi nyimbo, kuti mayi wa ku Lunzu uja adziwe kuti gadiyani wogona pakatoniyu kwawo ndi munthu. Mulungu ananditumizira phala, ine ndinkafuna chionetsero.

Sizinathere pomwepo. Usiku womwewo ndinatulutsa kope lina, la kakomiti koyendera odwala kaja, limene linali likadali kwa ine poti sindinalibweze. Ndinatsegula pa 2018. Dzina la agogo aja linalimo, mwezi wa Febuluwale: mwendo watupa, sakutuluka m'nyumba. Pambali pake, dzanja langa, bolopeni yanga: "Kutali, kwaterera, sabata yamawa." Tsamba lotsatira: "Sabata yamawa." Tsamba lachitatu dzinalo mulibe. Mwezi womwewo tinakazonda mayi wina wa kumpanda wanjerwa kawiri konse, poti kumeneko kunali galimoto yodzatitenga ndi tiyi wamkaka.

Sitinapiteko. Ine sindinapiteko. Ndipo munthu ameneyo ndi amene anatsika phiri katatu, ndi mwendo womwewo, kudzandipatsa phala.

Fulasiki yawo inali ikadali kwathu, ndiye ndinapeza chonamizira. Ndinakwera phiri lija, ndipo silinali lalitali ngati mmene ndinkalinenera m'kope. Nditayamba kufotokoza za 2018, lilime likulemera, iwo anangoseka. "Aaa mwana wanga, ndinadandaula kumene. Ndinalira. Ndiye nditamva za amayi ako ndinati ameneuja asalire ngati ine." Basi. Anandinyemera chigumu, n'kuyamba kundifunsa mtengo wa feteleza mtauni. Ulaliki wa kudzichepetsa woposa umenewo sindinaumvepo paguwa lililonse. Ndipo mwamva bwino, sanati "sizinandipweteke". Anati ndinadandaula kumene.

Kuyambira pamenepo mwana wamkulu wa pa Luka 15 ndimamuona ndi diso lina. Tonse timathamangira wolowerera uja. Koma wamkulu nayenso anali ndi kope lake lobiriwira: zaka zonsezi ndakugwirirani ntchito, lamulo lanu sindinaliphwanyepo, koma simunandipatseko ngakhale kambuzi koti ndidye ndi anzanga. Masamu ake anali olondola, ngati 63 wanga. Chimene chinapotoka n'chakuti m'zaka zonsezo anasanduka waganyu pakhomo pa bambo ake, kumangowerenga masiku. Komatu bambo aja sanam'kalipire. Anasiya phwando, n'kutuluka panja kukam'pembedza. Ngati analowa kapena ayi, Yesu anasiyira ife. Ine zinanditengera miyezi inayi ndi theka.

Mwandifunsa ngati n'kunyada. Mwina pang'ono, ndipo zimenezo sizifafaniza kulakwa kwawo. Ziwirizi zimagona mphasa imodzi. Ine anandilakwira, inenso ndinali wonyada, tsiku lomwelo, mumtima womwewo. Ndinazilekanitsa ndi funso limodzi lokha: kodi ndikulira chifukwa ndinalibe wondigwira dzanja, kapena chifukwa sanabwere anthu amene ndinkafuna kuti ena andione nawo? Poyambapo pali chisoni chenicheni, ndipo Mulungu sakwiya nacho. Pachiwiripo ndi pamene kunyada kwanga kunabisala, kutafunda chitenje cha namfedwa. Inu mudzifunse nokha, mwina yankho lanu likhala loyera kuposa langa.

Ndikakwera minibasi yodutsa pa sukulu ya HHI (Henry Henderson Institute) mu Blantyre muno ndimayang'ana tchalitchi cha St Michael and All Angels. Chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891, ndipo amene anaphunzirako mbiri amadziwa dzina la David Clement Scott, m'busa wa ku Scotland amene analibe maphunziro a zomangamanga koma anatsogolera ntchito yonseyo. Nanga amene anaponda dothi, kuumba njerwa, kuziotcha, kuzisenza kukwera nazo pamwamba? Anali anthu akonkuno, oti chibadwire sanamangepo chinyumba chotero. Imitsani munthu pageti paja mum'funse dzina la mmodzi yekha. Ngakhale Henry Henderson, amene sukulu ija inatenga dzina lake, pofika pamalo paja mu 1876 sanali yekha; anali ndi Tom Bokwito, womasulira wake, amene ana asukulu ambiri sanam'mvepo. Njerwa zija zasenza denga zaka zoposa 130. Mpingo wa Yesu m'dziko muno unamangidwa ndi anthu oiwalika, ndipo sindikunena izi kuti ndikutonthozeni, pena zimandipsetsa mtima. Koma zimandikumbutsa kuti mzere umene ine ndi inu taimapowu ndi wautali, ndipo muli anthu oposa amene ali pazikwangwani.

Aliponso wina m'Baibulo amene alaliki sam'khudza kawirikawiri: Yosefe wotchedwa Barsaba, pa Machitidwe 1. Anayenda ndi gulu la Yesu kuyambira pa ubatizo wa Yohane mpaka tsiku lokwera kumwamba. Malo a Yudasi atatsala opanda munthu, anatchulidwa awiri, iye ndi Matiya. Anapemphera, anachita maere, maere anagwera Matiya, pamaso pa anthu ngati 120. Barsaba anabwerera pabenchi. Chisankho chikamachitika mumpingo ndimam'ganizira. Choseketsa n'chakuti Matiya wopambanayo nayenso Chipangano Chatsopano sichim'tchulanso.

Nanga Mulungu akakhala chete?

M'imelo yanu muli chiganizo chimodzi chimene munachiika kumapeto ngati mukuchibisa: "Pena ndimaona ngati ndi Mulungu yemwe wandiiwala." Chimenecho ndiye mutu wa chithupsa, ndipo musachite nacho manyazi. Salimo 13 limafunsa kuti "mpaka liti" kanayi m'ndime ziwiri zokha. Salimo 88 limayamba ndi kulira n'kukathera mumdima, lopanda chitamando kumapeto, ndipo analisiya m'Baibulo choncho osalikonza. Anthu amenewa kukhulupirika kwawo sikunali kumva bwino mumtima. Kunali kwakuti madandaulo awo ankapita nawo kwa Mwini wake.

Yosefe ali m'ndende anapempha woperekera chikho wa Farao kuti akatuluka adzam'kumbukire. Sanaone ngati kupempha kukumbukiridwa n'kunyada. Munthuyo anamuiwala zaka ziwiri zathunthu. Paulo, pa 2 Timoteo 4, akuti pa mlandu wake woyamba panalibe anaima naye, onse anam'thawa. Akupempha kuti zimenezo zisawerengedwe pa iwo, koma m'chaputala chomwecho akutchula Dema ndi dzina kuti anam'siya, akuuza Timoteo kuti afulumire nyengo yachisanu isanafike, ndiponso am'tengere chofunda chimene anasiya ku Trowa. Nkhalamba ikumva kuzizira, ikufuna anzake, ndipo ikunena poyera. Koma amene amandiseketsa ndi Eliya. Pa 1 Mafumu 19 akuuza Mulungu kawiri konse kuti watsala yekha. Chonsecho m'chaputala cham'mbuyo chomwe, Obadiya anali atamuuza pamaso kuti anabisa aneneri 100 m'mapanga n'kumawadyetsa. Eliya m'kope lake Obadiya sanam'lembe, ngati ine ndi agogo a fulasiki. Ndipo Mulungu asanam'konze ndi nkhani ya anthu 7,000 amene sanagwadire Baala, anayamba wam'lola kugona ndi kum'dyetsa kawiri. Inu mwadwala, ntchito yatha, m'thumba mulibe kanthu. Zina mwa zimene mukuzitcha kuzirala muuzimu ndi thupi chabe latopa.

Tsono muchite chiyani

Ndadya malo onse ndi nkhani zanga, ndiye izi ndinena mothamanga. Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Sankhani munthu mmodzi, mkulu wa mpingo wa dera lanu kapena mayi wachikulire amene mumam'khulupirira, mupite kwawo masana, osati pafoni, mukanene mawu osakuluwika: "Ndinadwala miyezi iwiri, simunabwere, zinandipweteka." Mndandanda wa zimene munawachitira muusiye kunyumba. Mwina akapepesa, mwina akadziteteza. Akwathu anati "timayesa muli ndi achibale ambiri mtauni", zomwe zinali zoona mbali imodzi. Ngati mwatopa pemphani kupuma poyera, mutchule miyezi yake, osati kuzimirira kwanga kuja kofuna kukhaulitsa anthu. Ana a Sande sukulu aja sanakulakwireni, mukawatsanzike. Lamulungu likudzali mukakhale kumbuyo muone benchi limene lili ndi mpata, mufunse kuti mwini wake ali kuti. Ngati patapita nthawi muona kuti pamalopo mzimu wanu ukufa ndithu, kusamuka si tchimo, koma mutuluke dzuwa likuswa mtengo, kalata ili m'manja. Ndipo ngati tulo sitikubwera, chakudya sichikulowa kwa masabata angapo, kapena maganizo oti moyo ulibe ntchito ayamba kukuzungulirani, pitani kuchipatala mukanene. Pemphero ndi dokotala sizilimbana.

Ine ndinabwerera Lamulungu lina mu Januwale 2020. Palibe anaimba nthungululu. Mayi wina anangoti, "Mwasowatu," Loweruka lake n'kundipatsa tsache. Kumoto ndinabwererako, koma mthiko timasinthana ndi mtsikana uja, ndipo amandiposadi. Kakomiti ka odwala ndinapempha ndekha kuti ndilowemonso, ndi mfundo imodzi: tiziyamba ndi akutali. Agogo aja anatisiya mu 2022. Nsima ya pamaliro awo ndinavundula ndekha, sindinalole wina.

Kope lobiriwira sindinaliotche, ndisakunamizeni. Masamba akumbuyo ndimalembamo za banki m'khonde. Mwezi wathawu, titabwera kumaliro ena ku Bangwe, msana ukuwawa, zovala zikununkha utsi, munthu ndi mmodzi yemwe osanena zikomo, ndinalitsegula kuti ndilembe masheya a sabata imeneyo. Ndinangoona bolopeni yaima pansi pa 63 paja, itayamba kale kupinda 6. Ndinaseka ndekha mpaka amuna anga kufunsa ali kuchipinda kuti kwagwanji. Mukapita kwa munthu uja mundilembere, ndikufuna kumva kuti akakuyankhani zotani.